Mtondo Udaleka Kulira: Nanga Amayi a Mpingo Alankhulire Kuti?

Aliyense amene adapempherapo Lamulungu ku Mpherere, ku Nambuma, ku Mtengowanthenga kapena ku Madisi adziwa kuti mbali ya amayi ndiyo iyamba kudzaza. Ndiwo asesa ndi kuzira m'tchalitchi, ndiwo atunga madzi pomanga nyumba ya akatekisti, ndiwo achezera pamaliro kuimba mpaka tambala woyamba, ndiwo asenza chimanga ndi mtedza pa chopereka cha masika. Amayiwa atachoka mwezi umodzi wokha, miphakati yathu ingazizire ngati phulusa la dzana. Izi tonse tizivomera, ndipo pa tsiku la chikondwerero tiwaombera m'manja. Koma wina akangoyesa kulemba nkhani yonena zimene mayi wotereyu aganiza usiku atavula mpango ndi chitenje cha bungwe, za kusungulumwa kwake, za chilakolako chake, za mkwiyo umene aubisa kunsi kwa nyimbo, pomwepo nkhope zisintha. Ati nkhani zotere n'zolaula, zinyoza Mpingo, zisalowe m'nyumba ya Mkhristu. Maganizo amenewa ife tiwakana, ndipo tifuna kunena chifukwa chake.

Mabuku athu adasunga mawu a yani?

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi si achilendo ku zolembalemba. Mishoni ya Mvera idatsegulidwa mu 1889, ya Kongwe mu 1894, ndipo m'sukulu za mishoni za chigawo chino mudatuluka ena mwa alembi oyamba a chinenero chathu. Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo, buku limene lidapata mphotho mu 1933 ndi kumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira. Adalembanso mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi, m'dera lathu lomwe lino. Mabukuwa ndi chuma, ndipo tiwalemekeza. Koma taonani mwayi umene mwamuna adaupeza m'menemo. Nthondo aloledwa kukula, kulakwa, kusokera, ndi kutembenuka mtima pa nthawi yake. Owerenga ayenda naye njira yonse, ndipo palibe adanenapo kuti zolakwa za Nthondo zidanyoza Chikhristu.

Mkazi sadapatsidwe mwayi womwewo. M'nkhani zambiri zimene tidakula nazo, m'masewero a pa wailesi ndi m'zisudzo za achinyamata a pa parishi, mkazi ali ndi zovala ziwiri zokha. Mwina ndi mayi wopirira, wolira mobisa ndi kukhululuka osafunsa kanthu; mwina ndi woyendayenda wa pa sitolo, amene ayenera kudwala ndi kufa pa tsamba lomaliza kuti phunziro limveke. Mkazi weniweni, amene akonda Mulungu ndi mtima wonse koma ali ndi thupi, amene atsogolera korona madzulo koma agona ndi funso loti kodi moyo wake wonse udzathera pa kudikira, ameneyo m'mabuku mwathu ngwosowa. Kuchokera pa Nthondo zidapita zaka 52 kuti Walije Gondwe, amene awerengedwa kukhala mkazi woyamba wa ku Malawi kusindikiza buku la nthano yaitali, atulutse Love's Dilemma mu 1985. Nalonso lidali m'Chingerezi, kutali ndi mayi wa kumudzi.

Tisayese kuti agogo athu aakazi adali osalankhula. Mkazi wa Chichewa adali ndi bwalo lake, ndipo bwalolo lidali pamtondo. Posinja awiri kapena atatu, amayi ankapeka nyimbo zonena za mwamuna waulesi, za apongozi ankhanza, za mkazi mnzao wa pamitala, za mwamuna wopita ku Halale kapena ku Wenela osatumiza ngakhale kalata. Dzina silinkatchulidwa, koma mudzi wonse unkamva, wolakwa ankadzidziwa, ndipo ankhoswe ankatchera khutu. Akulu sadaletse nyimbo zija, popeza adadziwa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lero chigayo chidafika pa Mponela, pa Malomo ndi m'misika yaing'ono yomwe, ndipo tichiyamika chifukwa chidapeputsa ntchito. Koma chigayo chilira chokha. Pa mzere wa kuchigayo sapekerapo nyimbo. Mabungwe a Mpingo adalandira amayiwa ndi kuwaphunzitsa nyimbo zambiri zotamanda, koma yoti aimbiremo zowawa za m'nyumba mwao mulibe. Nkhani yaifupi yopeka ndiyo mtondo wa masiku ano, pakuti inena zoona popanda kutchula dzina la munthu.

Kusatchula dzinaku si kanthu kochepa. Mu 1997 Isabel Apawo Phiri adasindikiza buku lofufuza za chipembedzo cha amayi a Chichewa m'chigawo chapakati, lotchedwa Women, Presbyterianism and Patriarchy. Adaonetsa udindo umene akazi adali nao pa kachisi wa mvula, monga Makewana wa ku Msinja, ndi pa chinamwali, ndiponso m'mene udindowo udachepera pamene chinamwali chidasanduka chilangizo pansi pa ulamuliro wa akulu a mpingo, amene adali amuna. Iye ankanena za abale athu a Sinodi ya Nkhoma, koma Mkatolika woona mtima sangadzitame kuti kwathu zidasiyana kwambiri. Mayi yemweyu, pamodzi ndi aphunzitsi anzake aakazi, adaulula mu 1995 zotsatira za kafukufuku wa nkhanza zimene atsikana ankakumana nazo pa yunivesite ku Zomba. Malipiro ake adali chipolowe, ndipo ophunzira ena adaukira nyumba yake. Ngati mphunzitsi wa pa yunivesite adaona zotere, nanga mayi wa kwa Chakhaza kapena wa kwa Kalumo angaimirire bwanji pa msonkhano wa mphakati ndi kunena zake m'dzina lake lomwe? Iye asowa chotchinga, ndipo chotchingacho ndi nkhani yopeka.

Kumene adayamba kale kulemba

M'maiko ena akazi akuda adayamba kale ntchitoyi, ndipo zipatso zake tingaziweruze tokha. Bessie Head, amene adakhala ku Serowe m'dziko la Botswana, adatulutsa mu 1977 buku la nkhani zazifupi lotchedwa The Collector of Treasures. M'nkhani ina m'menemo, mkazi wopemphera kwambiri akondana ndi mwamuna wosabatizidwa amene afuna ukwati wa mwambo wa makolo. Mkaziyo apita kwa mmishonale kukapempha uphungu, koma m'malo mwa uphungu achotsedwa mu mpingo. Akwatiwa ndithu, komabe mpaka imfa yake agwada pa ngodya ya nyumba kupemphera. Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, kumene mabanja ambiri ali ndi wina ku tchalitchi wina ku dambwe, ndani angawerenge nkhaniyi n'kuti ndi ya kutali?

Ku America, Deesha Philyaw, wobadwira ku Jacksonville, adasindikiza mu 2020 nkhani 9 m'buku lotchedwa The Secret Lives of Church Ladies, ndiye kunena kuti moyo wobisika wa amayi a mpingo. Bukuli lidapata mphotho ya PEN/Faulkner mu 2021. M'nkhani ina, mwana wamkazi aona mai wake akuphika chakudya chokoma cha mapichesi Lolemba lililonse, chimene iye saloledwa kulawa, chifukwa ncha m'busa wapabanja amene abwera mobisa; ndipo pa ubwana wake mwanayo ayesa kuti m'busayo ndi Mulungu amene. M'nkhani ina, ana aakazi a bambo mmodzi koma amayi osiyana adziwa za mbale wao wina bambowo atamwalira. M'nkhani inanso, mwana wamkazi asamala mai wake wokalamba ndi woiwalaiwala, amene chikondi chake chidapita kwa ana aamuna. Sinthani maina okha, ndipo mudzaona kuti maliro amenewa tidakhalapo, nkhalamba imeneyi tiidziwa, ndipo mwana uja aimba m'kwaya mwathu.

Ati n'zolaula

Wotsutsa woyamba ati nkhani izi zitchula zosayenera kutchulidwa. Timuyankhe ndi Malembo Oyera. Pa Genesis 38 timva za Tamara, mkazi wamasiye amene apongozi ake, Yuda, adammana chilungamo mpaka iye adadziphimba nkhope ndi kukhala pa njira. Ndipo Yuda yemweyo, atalamula kuti mkaziyo atenthedwe, adavomera pomaliza kuti wolakwa koposa ndi iye mwini. Pa 2 Samuele 11 timva za Davide ndi mkazi wa Uriya, popanda kuphimba kanthu. Tsono mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu, sadayambe ndi lamulo. Adayamba ndi nkhani yopeka, ya munthu wosauka ndi kankhosa kake kamodzi. Davide adapsera mtima munthu wolemera wa m'nkhaniyo, kenaka adazindikira kuti wadziweruza yekha. Imeneyo ndiyo ntchito ya nkhani yopeka. Mateyo Woyera, polemba mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu, adaikamo Tamara, Rahabu, Rute ndi mkazi wa Uriya. Ngati Mzimu Woyera sadachite nawo manyazi, ife ndife yani kuti tikhale aulemu kuposa Malembo?

Ndipo tinene poyera kuti chilakolako cha mwamuna ndi mkazi sichidalengedwe ndi Satana. M'buku la Nyimbo ya Solomoni woyamba kulankhula ndi mkazi, ndipo chimene anena ndi chikhumbo chake. Papa John Paul II adathera zaka zisanu, kuyambira 1979 mpaka 1984, akuphunzitsa m'maulaliki 129 kuti thupi la munthu ndi mphatso yonena za chikondi cha Mulungu. Choipa ndi kusandutsa munthu mnzako chiwiya. Zolaula zenizeni zili m'mafoni a ana athu ndi m'tinyumba ta kanema pa misika, ndipo izo zilowa m'mudzi popanda msonkhano wozitsutsa. Zolaula zichotsa munthu nkhope n'kusiya thupi lokha. Nkhani yabwino ibwezera mkazi nkhope yake, mbiri yake ndi misozi yake. Wosokoneza ziwirizi sadawerenge chimene achiweruza.

Ati tichititsa Mpingo manyazi

Wotsutsa wachiwiri ati za m'nyumba saulula. Koma tifunse: kukhala chete kumeneku kuteteza yani? Pa Yohane 8 alembi ndi Afarisi abwera ndi mkazi wogwidwa m'chigololo. Lamulo la pa Levitiko 20 ndi Deuteronomo 22 lidanena za anthu awiri, koma pabwalo padafika mmodzi. Mwamuna adali kuti? Papa John Paul II, amene adatichezera kuno ku Malawi mu 1989, adafunsa zomwezi m'kalata yake ya mu 1988 yonena za ulemerero wa akazi, Mulieris Dignitatem. Adati zimenezi zichitikabe mibadwo yonse: mkazi asenza yekha manyazi pamaso pa anthu, mwamuna wolakwa naye limodzi atabisala kumbuyo.

Kodi ku miphakati kwathu sitiziona? Mtsikana wa kwaya akaima, mimba yake ndi mboni yosakanika. Aimitsidwa masakramenti, achoka pa benchi ya oimba, ndipo mai wake ayenda chozolika mudzi wonse. Boma lidalola kuyambira 1993 kuti mtsikana wotere abwerere ku sukulu akabereka, koma m'mitima ya Akhristu ena chitseko chake sichitsegukanso. Mwamuna uja, makamaka akakhala wa ndalama za fodya kapena wa mpando m'tchalitchi, awerengabe Mawu pa guwa, popeza khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mayi akadandaula kuti mwamuna wake, atagulitsa mabelo ku okushoni ku Kanengo, wasowa milungu itatu, alangizi amuuza kuti banja ndi kupirira, ndiponso kuti mwamuna ndi kabudula, athera moyenda. Fodyayo adaokera ndi mkaziyo, adasoka m'chigafa ndi mkaziyo, koma matenda okha ndiwo abwera kunyumba. Tsono wochititsa Mpingo manyazi ndani: wolemba zimenezi, kapena wozichita ndi woziphimba?

Eklezia wa dziko lonse lapansi waphunzira ndi misozi kuti kubisa choipa kuononga koposa kuchiulula. Mu February 2019 Papa Francis adavomera poyera kuti ansembe ena, ngakhale aepiskopi ena, adachitira nkhanza asisitere. Ndipo mawuwo adamveka chifukwa akazi ena adayamba akana kukhala chete. Ifenso a ku Malawi tili ndi chikumbutso chathu. Lamulo la mu 1968 lidakhazikitsa bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu, ndipo la mu 1973 lidalamula ngakhale kavalidwe ka akazi. Amene adaswa mantha aja adali aepiskopi athu, ndi kalata yao imene idawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 March 1992. Eklezia mwini adathetsa mndandanda wake wa mabuku oletsedwa mu 1966. Kukadakhala kodabwitsa kuti Mpingo umene udaphunzitsa dziko kulankhula ukhale ndiwo womanga pakamwa amayi ake.

Ati n'zachizungu

Wotsutsa wachitatu ati mavuto awa ngakunja, mkazi wa Chimalawi saganiza zotere. Wonena zimenezi sadakhalepo pa mpando womvera olapa, ndipo sadamverepo nyimbo ya pamtondo. Taganizani za mayi amene mwamuna wake adapita ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo mphekesera ziti adakwatirako. Mayiyo ali ndi zaka makumi atatu. Si wamasiye, si wosiyidwa mwa lamulo, ndipo Mpingo umuyembekeza kusunga lumbiro lake. Chiphunzitso chimenechi ife tichigwiritsa, ndipo sitichisintha. Koma kodi tidafunsapo kuti mtanda umenewu ulemera bwanji pa usiku wa mwezi wa June, mphepo ya ku phiri la Ntchisi ikulowa pansi pa chitseko? Taganizani za wosabereka amene aphika pa ubatizo wa ana a anzake chaka ndi chaka, monga Hana uja amene wansembe Eli adamuyesa woledzera pomwe ankapemphera ndi mtima wosweka. Taganizani za mbeta ya zaka makumi anayi imene aifunsa pa ukwati uliwonse kuti wako udzakhala liti. Zimenezi sizidabwere pa ndege.

Ndipo nkhaniyi ndi yakale mu Afrika monga Eklezia amene. Augustino Woyera, mwana wa Monika wa ku Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria, adalemba za moyo wake osabisa machimo a unyamata wake, ndipo bukulo tiliwerenga m'maseminale mpaka lero. Anenamo za mkazi amene adakhala naye zaka zoposa khumi, mai wa mwana wake Adeodatus. Pamene adamkonzera ukwati ndi mtsikana wa banja lapamwamba, mkazi uja adabwezedwa ku Afrika, mwana n'kutsala, ndipo iye adalonjeza kwa Mulungu kuti sadzadziwanso mwamuna wina. Dzina lake sitilidziwa. Za kusweka mtima kwa Augustino tili ndi masamba. Za mkaziyo tilibe liwu limodzi lochokera pakamwa pake. Zapita zaka zoposa 1,600, ndipo adzukulu ake a m'mapiri muno adikirabe wowalembera.

Zimene sitinena, ndi zimene tipempha

Pasakhale wotimva molakwa. Sitinena kuti zonse zili m'mabuku tatchulawa zigwirizana ndi chiphunzitso cha Eklezia. M'buku la Philyaw muli chigololo, muli chikondi cha akazi okhaokha, muli mawu olunjika pa za thupi. Si buku lopatsa mwana wa Ukaristia woyamba, ndipo makolo ali ndi udindo wosankhira ana ao. Koma kufotokoza chinthu si kuchidalitsa. Sing'anga amene akana kuona bala sangalimange. Papa Francis, m'kalata yake ya mu July 2024 yonena za ubwino wa mabuku a nthano ndi ndakatulo pophunzitsa ansembe ndi Akhristu onse, adati kuwerenga kotere kutiphunzitsa kumvera liwu la munthu wina ndi kuona ndi maso ake, kuti tisafulumire kuweruza. Ngati mankhwalawa ayenera aseminale, ayeneranso akuluampingo, alangizi ndi ankhoswe.

Chifukwa chake tipempha zinthu zinayi. Choyamba, inu amayi ndi atsikana a kuno, aphunzitsi, anamwino, asisitere, alimi odziwa kugwira cholembera: lembani, ndipo lembani m'Chichewa. Musalembe za mngelo kapena za mdyerekezi. Lembani za munthu. Amene sadziwa kulemba afotokozere mwana wake wa ku sekondale. Chachiwiri, osindikiza mabuku ndi magazini a Chikhristu asakane nkhani chifukwa chakuti siitha ndi chilango, kapena chifukwa wolakwa m'menemo wavala mkanjo. Chachitatu, mabungwe a amayi ndi a abambo omwe awerenge nkhani imodzi yotere pa msonkhano, kamodzi pa kanthawi, ndi kufunsana kuti ikadachitika pano tikadatani. Abambo asathawe, Natani adalankhula kwa mfumu. Chachinayi, pamene mlandu wa mtsikana ufika kwa akuluampingo, funso loyamba likhale lija lidasowa pa Yohane 8: mnzake ali kuti?

Pa chitsime cha ku Samariya Ambuye Yesu adacheza ndi mkazi amene adakwatiwapo kasanu ndipo ankakhala ndi mwamuna wosakhala wake. Sadayambe ndi kumdzudzula. Adayamba ndi kumpempha madzi. Adatchula mbiri yake yonse osachotsapo kanthu, ndipo mkaziyo sadafe ndi manyazi. Adasiya mtsuko wake, nathamangira kumudzi, ndipo umboni wake wonse udali wakuti wapeza munthu wodziwa zonse za moyo wake. Asamariya ambiri adakhulupirira chifukwa cha mawu a mkazi ameneyu. Ophunzira aja, pobwera ndi chakudya, adadabwa kuona Mphunzitsi akulankhula ndi mkazi, koma adasunga kudabwa kwao mumtima, osamuletsa. Nafenso tichite chimodzimodzi. Amayi amene adasenza Mpingo uno pamutu kukwera nao mapiri a Dowa ndi Ntchisi ayenera kumvedwa ali moyo, asadafike poti tiwatamande pa manda.